Frederick Douglass: kapolo amene adamenya nkhondo ndi nkhope yake

Titati tifunse kuti ndani adajambulidwa zithunzi zambiri mwa anthu onse a ku America m'zaka za m'ma 1800, ambiri angathamangire kutchula mtsogoleri wa dzikolo, Abraham Lincoln. Koma ayi ndithu. Akatswiri atatu, John Stauffer, Zoe Trodd ndi Celeste-Marie Bernier, atasanthula m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, adalengeza m'buku lawo la m'chaka cha 2015 kuti apeza zithunzi 160 zosiyanasiyana za munthu wakuda wotchedwa Frederick Douglass. Za Lincoln zodziwika zilipo 126 basi.

Mkulu ameneyu adabadwa kapolo. Ndafuna kuti lero tikambirane za moyo wake, makamaka ndi inu achinyamata amene chala chimakhala pa kamera ya foni kuyambira kum'mawa mpaka pogona. Douglass sankajambulitsa pofuna kutchena kapena kudzionetsera. Adaona msanga kuti asanamulande munthu ufulu, amayamba amulanda maonekedwe.

Adabadwa mu February 1818 m'boma la Talbot, m'chigawo cha Maryland, ndipo dzina lake lidali Frederick Augustus Washington Bailey. Tsiku lenileni sankalidziwa, poti ana a akapolo sankauzidwa zimenezo, moti atakula adangodzisankhira 14 February. Adaleredwa ndi agogo ake, a Betsy Bailey. Mayi ake, a Harriet Bailey, ankagwira ntchito kumunda wina wakutali ndipo ankabwera usiku wapansi kudzamugoneka, n'kubwerera kusanache kuopa chikoti. Adawaona kanayi kapena kasanu kokha, ndipo adamwalira iye ali ndi zaka pafupifupi 7. Za bambo ake kunkangomveka manong'onong'o kuti adali mzungu, mwinanso mbuye wake yemweyo.

Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti adalibe chithunzi cha mayi ake. Atakula adapeza, m'buku lina la sayansi lolembedwa ndi James Prichard, chojambula cha mutu wa mfumu ya ku Egypt wakale, ndipo adaona kuti chikufanana ndi mayi akewo. Ankabwererabwerera patsamba limenelo monga momwe ife timatsegulira foni kuyang'ana m'bale amene adatisiya. Munthu wotere sangachitenge chithunzi ngati masewera.

Ali ndi zaka 8 adatumizidwa mumzinda wa Baltimore kukatumikira banja la Hugh Auld. Mkazi wa Auld, Sophia, adayamba kumuphunzitsa zilembo, koma mwamuna wake atadziwa adaletsa mwaukali ponena kuti kapolo wodziwa kuwerenga sakhalanso kapolo wabwino. Mwanayo adamva, ndipo adatolapo phunziro losiyana ndi limene bwanayo ankafuna. Adayamba kutenga buledi m'nyumba n'kumakapatsa ana osauka achizungu m'misewu kuti amuphunzitse mawu. Pofika zaka 12 adali atadzigulira buku la malankhulidwe a akatswiri akale, limene lidamusula kukhala mlankhuli.

Mu 1834 adamupereka kwa mlimi wina, Edward Covey, amene ankadziwika kuti amathyola mtima akapolo amakani. Kwa miyezi 6 adakwapulidwa pafupifupi mlungu uliwonse. Tsiku lina mu August, mnyamata wa zaka 16 uja adakana kumangidwa ndipo awiriwo adagwirana kwa maola pafupifupi awiri. Covey sadamukwapulenso. Mu 1836 adayesa kuthawa koma chiwembu chidaululika, adatsekeredwa m'ndende, kenako adamubweza ku Baltimore komwe adaphunzira ntchito yomata zombo kuti zisalowe madzi.

Kuthawa kwake kwenikweni kudachitika pa 3 September 1838, ndipo nkhani ya maonekedwe idayambira pomwepo. Adavala ngati mmalinyero: malaya ofiira, chipewa cha apanyanja ndi kansalu kakuda m'khosi. M'thumba adali ndi chiphaso chobwereka kwa mmalinyero wakuda amene adali mfulu. Masiku amenewo ziphaso zidalibe zithunzi, zinkangofotokoza munthu ndi mawu, ndipo chimene adanyamulacho chinkanena za munthu wakuda kwambiri kuposa iye. Kondakitala wa sitima ya pamtunda akadawerenga mofatsa, bwenzi zonse zitathera pomwepo. Koma adangoona chizindikiro cha chiwombankhanga cha boma la America pamwamba pa pepala, n'kuyang'ana zovala zija, basi n'kulandira ndalama ya ulendo. Pasanathe maola 24, Frederick adali mu New York.

Ndalama zina za ulendowo zidachokera kwa Anna Murray, mayi wakuda amene adali mfulu ndipo ankagwira ntchito za m'nyumba ku Baltimore. Adamutsatira, nakwatirana pa 15 September chaka chomwecho, n'kusamukira ku New Bedford m'chigawo cha Massachusetts. Kumeneko n'komwe adatenga dzina loti Douglass pozemba osaka akapolo othawa.

Chaka chotsatira, 1839, dziko la France lidalengeza luso latsopano la Louis Daguerre lojambula chithunzi pogwiritsa ntchito kuwala. Chithunzicho chinkatuluka pa kachitsulo kamkuwa kokutidwa ndi siliva, kopukutidwa mpaka kunyezimira ngati galasi. Munthu ankayenera kukhala duu osagwedezeka, ndipo chinkatuluka chimodzi chokha, chopanda kopi. Ufulu wa Douglass ndi luso la kamera zidakulira limodzi ngati mapasa. Chithunzi chake choyamba chodziwika ndi cha m'ma 1841, chaka chomwe adalankhula pamsonkhano wa odana ndi ukapolo pachilumba cha Nantucket n'kudabwitsa anthu ngati William Lloyd Garrison, amene adamukokera pantchito yoyenda m'mizinda kufotokoza za ukapolo.

Tsono kuti mumvetse chimene ankalimbana nacho, taonani zithunzi zimene mzungu wamba wa ku America ankaona za munthu wakuda nthawi imeneyo. M'nyuzipepala munkatuluka zidziwitso za akapolo othawa, zokhala ndi kachojambula ka munthu wakuda bii wopanda nkhope, atanyamula kaphukusi pandodo. M'nyumba za zisudzo, azungu ankadzipaka zakuda kumaso, kukulitsa milomo, n'kumavina mopusa poyerekeza kuti umo ndi momwe akuda alili: aulesi, oseka zilizonse, okondwa ndi ukapolo wawo. Wotchuka pa zimenezi adali Thomas Rice, amene ankasewera ngati munthu wotchedwa Jim Crow. Dzina la m'sewero lachipongweli ndi lomwe pambuyo pake lidapatsidwa kwa malamulo a tsankho a kummwera kwa America.

Ophunzira nawo adalowererapo. Samuel Morton ankasonkhanitsa zigaza za anthu n'kumaziyeza pofuna kusonyeza kuti mitundu ina ndi yotsika. Mu 1854 Josiah Nott ndi George Gliddon adatulutsa buku lokhala ndi zojambula zoika mutu wa munthu wakuda pafupi ndi wa nyani, pomwe mzungu ankamuimiritsa ndi chosema chokongola cha Agiriki akale. Chaka chomwecho Douglass adawayankha polankhula pasukulu ya ukachenjede ya Western Reserve ku Ohio. Mfundo yake idali yoti ojambulawo amasankha dala mzungu wooneka bwino koposa n'kumuyerekeza ndi wakuda amene amupotoza nkhope, kenako n'kumati imeneyo ndi sayansi.

Zojambula zotere sizinkathera papepala. Mu 1857 bwalo lalikulu la milandu la America, pamlandu wa Dred Scott, lidagamula kuti munthu wakuda, kaya kapolo kaya mfulu, sangakhale nzika ya dzikolo. Ine ndimaona kuti chigamulo chotero sichigwa kuchokera kumwamba. Oweruza aja adakula akuona zithunzi zomwe zija, ndipo maso awo adali ataphunzitsidwa kale kuti ameneyu si munthu wathunthu.

Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Douglass adazionera yekha zimenezi. Mu 1848, buku lina la ku England lolembedwa ndi Wilson Armistead, mzungu amene adali kumbali ya akapolo, lidatuluka ndi chojambula pamanja cha nkhope yake akumwetulira mofatsa. Douglass adadandaula m'nyuzipepala yake kuti wojambulayo adamupatsa nkhope yachifundo ndi yokondwa kusiyana ndi momwe kapolo wothawa angaonekere. Adanenanso kuti n'kovuta kuti wojambula wachizungu ajambule munthu wakuda mwachilungamo, chifukwa dzanja limatsata zimene mutu udakhulupirira kale. Ngakhale bwenzi lidamujambula molakwika, nanji mdani.

Apa m'pomwe adaikonda kamera. Mukafufuza zithunzi zake pa intaneti muona zinthu zingapo zobwerezabwereza. Wavala suti yakuda, malaya oyera a kolala yowuma, ndi tayi. Kumbuyo kwake nthawi zambiri kulibe zokongoletsa, palibe maluwa kapena mizati yabodza imene ojambula a nthawiyo ankakonda, kuti diso lanu lisapite kwina koma pankhope. M'zithunzi za unyamata wake, monga chija adajambula Samuel Miller ku Akron chomwe lero chili ku Art Institute of Chicago, akuyang'ana m'maso mwanu mwenimweni, zikope zili gwa. Kumbukirani kuti kumene adachokera, kapolo woyang'ana mzungu m'maso ankaputa chikoti. Ndipo pafupifupi m'zithunzi zonse samwetulira. Dziko lidali litadzaza kale ndi zithunzi za wakuda woseka, iye sadafune kuwonjezerapo china.

M'zaka za m'ma 1860 kudabwera timakadi ta zithunzi totsika mtengo, tomwe tinkasindikizidwa tambirimbiri kuchokera pa chithunzi chimodzi. Anthu ankapatsana ndi kutisunga m'ma albamu, tingoti Facebook ya nthawiyo. Nkhope ya Douglass idalowa m'nyumba za anthu amene adali asanakhalepo patebulo limodzi ndi munthu wakuda. Sojourner Truth, mayi amenenso adachoka mu ukapolo, ankagulitsa timakadi ta nkhope yake kuti apeze zodzithandizira pantchito yake.

Pakati pa zonsezi moyo wake sudaime. Mu 1845 adatulutsa buku la mbiri ya moyo wake, poti ena ankakayika kuti munthu wolankhula bwino chotero adakhalapo kapolo. Bukulo lidatchula maina ndi malo, zomwe zidamuika pangozi yogwidwa, choncho adathawira ku Ireland ndi Britain. Kumeneko abwenzi, motsogozedwa ndi amayi a banja la Richardson a ku Newcastle, adasonkha mapaundi 150 n'kumuwombola mwalamulo mu 1846. Atabwerera adayambitsa nyuzipepala ya The North Star mumzinda wa Rochester mu December 1847, ndipo mu 1848 adakaima ndi amayi pamsonkhano wa ku Seneca Falls pofuna kuti nawonso aziponya voti.

Nkhondo yapachiweniweni itabuka mu 1861, anthu adadzaza holo ya Tremont Temple ku Boston pa 3 December kudzamumvera. Ambiri ankayembekeza za mfuti ndi asilikali, koma iye adatha nthawi yaitali akukamba za zithunzi. Adati luso lojambula ndi loganizira zinthu zomwe palibe ndi lomwe limasiyanitsa munthu ndi nyama, ndipo munthu amasintha akadziona momwe alili n'kuyerekeza ndi momwe akadayenera kukhalira. Adakondweranso kuti kamera yafafaniza malire a olemera ndi osauka, poti mtsikana wantchito wa m'nyumba adatha tsopano kukhala ndi chithunzi chabwino kuposa chimene mafumu ankagula zaka 50 m'mbuyomo.

Zaka ziwiri zisanathe, mfundo yake idaoneka poyera. Mu 1863 ku Baton Rouge, m'chigawo cha Louisiana, adajambula msana wa kapolo wothawa, wodziwika ndi maina a Gordon kapena Peter, utadzaza zipsera za zikoti zopingasana. Magazini ya Harper's Weekly idachisindikiza mu July, ndipo amene ankati nkhanza za ukapolo n'zokokomeza adasowa chonena. Chaka chomwecho Douglass ankalemba anyamata akuda usilikali, kuphatikizapo ana ake Lewis ndi Charles, amene adalowa gulu la 54 la ku Massachusetts. Ankakhulupirira kuti munthu wakuda akangovala yunifolomu ya dziko, mfuti paphewa, palibe amene angamukanize unzika. Adakumananso ndi Lincoln kudandaula kuti asilikali akuda ankalandira malipiro ochepa kuposa azungu. Nkhondo itatha, malamulo aakulu a dziko adasinthidwa katatu: mu 1865 kuthetsa ukapolo, mu 1868 kupereka unzika kwa aliyense wobadwira m'dzikomo, ndi mu 1870 kuletsa kumana mwamuna voti chifukwa cha khungu.

Komabe, ine sindigwirizana naye kwathunthu pa chikhulupiriro chake mwa kamera. Mu 1850, pomwe iye ankajambulitsa atavala suti, katswiri wa sayansi wa ku Harvard, Louis Agassiz, adatuma wojambula Joseph Zealy ku South Carolina kuti ajambule akapolo atawavula zovala, pofuna umboni woti akuda ndi mtundu wina wa zolengedwa. Mwa iwo mudali bambo Renty ndi mwana wawo wamkazi Delia. Makina ake adali amodzimodzi. Kusiyana kudali kwakuti Douglass ankalowa yekha m'nyumba yojambulira, n'kusankha chovala ndi kaimidwe, pomwe Renty ndi Delia sadafunsidwe kanthu. Zithunzi zimenezo zidapezeka mu 1976 zitaiwalika m'chipinda cha nyumba yosungira zakale ya Peabody ku Harvard. Ndipo chakumapeto kwa moyo wa Douglass ndi zaka zotsatira, magulu a azungu opachika anthu akuda pamitengo ankajambulitsa pafupi ndi mitembo, zithunzizo n'kumagulitsidwa ngati mapositikhadi. Kamera payokha ilibe mtima, imatumikira amene waigwira.

Nkhope yake yomwe idagwiritsidwapo ntchito mopweteka anthu ake. Mu 1874 adamuika kukhala mkulu wa Freedman's Savings Bank, banki ya anthu omasulidwa ku ukapolo, pomwe idali itadyedwa kale ndi ngongole zoipa zimene akuluakulu ake achizungu adapereka. Ankafuna dzina lake kuti anthu asachotse ndalama. Iye adaikamo madola 10,000 akeake, koma patangotha miyezi yochepa bankiyo idagwa, ndipo anthu oposa 60,000 adataya zimene adasunga. Palinso nkhani ya Anna, amene adalera ana asanu ndi kusunga khomo mwamuna wake ali m'maulendo. Zithunzi zake n'zowerengeka, ndipo m'mabuku atatu a mbiri ya Douglass amangotchulidwa mwa apo ndi apo. Ngakhale m'nyumba ya womenyera ufulu mudali wina amene adatsalira kunja kwa chithunzi.

Nkhani imene imandionetsa kuti mkuluyu sadagone mpaka ukalamba ndi ya pa 14 April 1876. Tsikuli ku Washington adatsegulira chiboliboli chokumbukira kumasulidwa kwa akapolo. Ndalama zake zidasonkhedwa ndi anthu omasulidwa, kuyambira ndi madola 5 a mayi Charlotte Scott, koma amene adasankha kapangidwe adali azungu, ndipo wosema wake adali Thomas Ball. Chidatuluka chili ndi Lincoln ataima chilili, dzanja litatambasuka, pomwe munthu wakuda wagwada kumapazi ake, wosavala malaya. Douglass ndiye adali mlankhuli wamkulu pamwambowo, koma patangopita masiku adalembera nyuzipepala ina kuti asanamwalire akufuna kuona chipilala chosonyeza munthu wakuda ataimirira ndi miyendo yake, osati chogwada. Chiboliboli chija chikadalipo ku Washington, koma chinzake chofanana nacho cha ku Boston adachichotsa mu December 2020.

Adagwiranso maudindo a boma: mu 1877 adakhala Marshal wa chigawo cha likulu la dzikolo, ndipo kuyambira 1889 mpaka 1891 adali kazembe wa America ku Haiti. Anna atamwalira mu 1882, adakwatira Helen Pitts, mayi wachizungu, mu 1884, zomwe zidakwiyitsa azungu ndi akuda omwe. Adajambulitsa naye limodzi osabisa. Adamwalira pa 20 February 1895 kunyumba kwake ku Cedar Hill, atangobwera kumene kumsonkhano wa amayi, ndipo adaikidwa ku Rochester. Mu 1899 mzindawo udamuimikira chiboliboli ataimirira, monga adafunira. Koma chaka chimodzi chokha chitadutsa imfa yake, mu 1896, bwalo lalikulu lija lidavomereza malamulo olekanitsa akuda ndi azungu pamlandu wa Plessy. Zithunzi 160 sizidathetse tsankho, koma zidasiya umboni umene wotsutsa aliyense amayenera kuuyang'ana m'maso.

Patangotha zaka ziwiri Douglass atamwalira, mu 1897, John Chilembwe adafika ku America ndi Joseph Booth n'kukaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia. Atabwerera mu 1900 n'kuyambitsa mishoni ya Providence ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, nayenso adasiya zithunzi atavala suti, pamodzi ndi banja lake, m'dziko momwe atsamunda ankayembekeza kuti munthu wakuda awavulire chipewa. Nkhope imeneyo ndi yomwe timayenda nayo m'thumba pa K500 ndi K2,000.

Nkhondo ya Douglass sidathe. Mu 2020 vidiyo ya pafoni ya mtsikana wa zaka 17 ku Minneapolis idaonetsa dziko lonse momwe George Floyd adafera, ndipo wapolisi uja adamangidwa. Kunonso kwathu, mu 2022, pulogalamu ya BBC Africa Eye idaulula nzika ina ya ku China imene inkajambula ana a m'mudzi ku Lilongwe akunena mawu odzinyoza m'chiyankhulo chimene sankachimva, mavidiyowo n'kumagulitsidwa pa intaneti. Mkuluyo adagwidwa ku Zambia n'kudzazengedwa mlandu kuno. Ana aja ali m'gulu la Renty ndi Delia: nkhope zawo zidapindulira wina iwo osafunsidwa.

Koma tisathamangire kuloza chala alendo okha. Pachitika ngozi pamsewu, thupi la munthu limazungulira m'magulu a WhatsApp abale ake asanamve uthenga. Wina akapereka thumba la ufa kwa agogo a m'mudzi, amawagwaditsa kuti chithunzi chikome pa Facebook. Woganiziridwa kuba amavulidwa, mafoni khumi ali m'mwamba. Aliyense wa ife lero ali ndi kamera yoposa imene Zealy ndi Miller adagwirapo, ndipo tsiku lililonse timasankha kuti tikhala uti mwa awiriwa. Musanatumize chithunzi cha munthu wina, dzifunseni ngati mwini wake wavomera, komanso ngati akadapatsidwa mpata wosankha yekha, akadafuna kuti dziko limuone chomwecho.